Tsiku Limodzi pa Doko la Zanzibar

M'miyezi ya dzinja, pamene alimi a ku Chipata, Katete ndi Lundazi ali kalikiliki ndi khasu m'minda ya cimanga ndi nshawa, anthu a mu mzinda wa Zanzibar nthawi zina amati akadzuka m'mamawa amaona cinthu coyera mbee, cacitali ngati phiri, citaima panyanja moyang'anana ndi nyumba zao. Dzulo lake panalibe kanthu pamenepo, ndipo mawa lakenso sipadzakhala kanthu. Cinthuco ndi sitima ya pamadzi yonyamula alendo oyendera maiko. Yafika kusanace, idzacoka dzuwa likamalowa, ndipo anthu amene yabwera nao apatsidwa tsiku limodzi lokha loti aone cisumbu cimene mbiri yake inayamba zaka mazana ambiri zapitazo. Akulu-akulu anati mlendo ndi mame, ndipo mwambiwu umamuyenera kwambiri mlendo wa pa sitima yotere.

Zanzibar ndi mbali ya dziko la Tanzania. Dzinali limaphatikiza zisumbu ziwiri zikulu-zikulu, Unguja ndi Pemba, pamodzi ndi tizisumbu tina tating'ono, ndipo kalembera wa caka ca 2022 anapeza kuti kumakhala anthu pafupi-fupi 1,900,000. Mzinda ndi doko ziri pa Unguja, cisumbu cotalika makilomita 85, cimene ciri pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 35 kucokera ku gombe la Africa. Kwa munthu wa ku Zambia, dziko lopanda nyanja yamcere, malo amenewa angaoneke ngati akutali ndi osamkhudza. Koma njira zakale zocokera ku cigwa ca Luangwa ndi ku nyanja ya Malawi zinali kuthera pa doko lomweli, ndipo m'chalichi cina ca mumzindawu muli mtanda wosemedwa ku mtengo umene unamera m'nthaka ya Zambia.

Mudzi woyenda pamadzi

Sitima za mtundu umenewu sizinyamula katundu wa malonda. Anthu amakwera kuti apumule ku nchito zao kwa sabata imodzi, ziwiri kapena mwezi wathunthu, akuzungulira madoko a maiko osiyana-siyana. Zina zimanyamula anthu mazana ocepa, zina oposa 2,000, osawerengera anchito. M'kati mwake muli zipinda zogona zosanjikana ngati zisa za njuci, nyumba zodyera, masitolo, cipatala cacing'ono, maiwe osambiramo ndi mabwalo a zoimba-imba. Ngakhale madzi akumwa amakonzedwa momwemo ndi makina ocotsa mcere m'madzi a m'nyanja. Munthu akalipira ulendo wake, walipiriratu pogona ndi cakudya ca masiku onse.

Kawiri-kawiri usiku sitima imakhala paulendo, masana n'kuima pa doko. Zofika ku Zanzibar zimakhala zitadzera ku Mombasa, ku zisumbu za Seychelles, ku Madagascar, ku Mauritius kapena ku madoko a ku South Africa, ndipo zimakonda miyezi ya pakati pa Novembala ndi Malichi, pamene ku Ulaya kuli cisanu coopsa, mvula yaikulu ya ku Zanzibar isanayambe. Ambiri mwa okweramo ndi anthu acikulire amene anapuma pa nchito.

Asanatsike, alendo onse amauzidwa nthawi yoti akhale atabwerera. Lamulo limeneli silipindika, cifukwa sitima iri ndi doko lina loti ikafikeko mawa. Munthu amene watengeka ndi maceza ndi kucedwa amapeza madzi okha-okha pamene panali sitima, ndipo amailondola ndi ndalama zake za m'thumba. N'cifukwa cake mlendo wotere amayenda diso limodzi liri pa zooneka, lina liri pa koloko.

Kutsika ku gombe

Sitima zina zimakoceza pa doko leni-leni m'dera la Malindi, koma zikulu-zikulu zimaponya nangula capatali, ndipo alendo amaoloka ndi maboti a injini. Ali m'botimo amapitirirana ndi asodzi ocokera ku nchito ya usiku. Ena ali m'zombo za matabwa zoyenda ndi thanga limodzi la ngodya zitatu, ena ali m'mabwato osemedwa ku mtengo umodzi, okhala ndi mitengo iwiri yoyandama m'mbali kuti asagubuduzike. Bwato lotereli m'Ciswahili limachedwa ngalawa, liu limene munthu wa Cinyanja amalimva popanda womasulira.

Kutsogolo kwao kumaoneka mndandanda wa nyumba zoyera za makhonde atali, ndi mitengo ya kokonati ikuweyuka pakati pake. Pali linga lakale la miyala lochedwa Ngome Kongwe, limene Aluya a ku Oman anamanga ca m'ma 1700 atapitikitsa Apwitikizi. Pambali pake pali nyumba yochuka ya Beit al-Ajaib, kutanthauza Nyumba ya Zodabwitsa, imene mfumu ya cisumbuci, Sultan Barghash, inamanga m'caka ca 1883. Inali nyumba yoyamba kukhala ndi magetsi pa Zanzibar, ndiponso yoyamba kum'mawa kwa Africa kukhala ndi cikepe cokweza anthu kumwamba. Pa 25 Disembala 2020 mbali ina ya nyumbayi inagwa pamene inali kukonzedwa, ndipo ngoziyo inaonetsa poyera kuti nyumba zakale za mzindawu zatopa.

Pagombe pomwepa, pa 27 Ogasiti 1896, panacitika nkhondo imene imadziwika kuti ndi yaifupi kuposa zonse za m'mbiri. Khalid bin Barghash anadzilonga ufumu popanda cilolezo ca Angerezi, amene anali atatenga ulamuliro wa cisumbuci m'caka ca 1890. Zombo zao za nkhondo zinaomba mizinga pa nyumba yacifumu, ndipo mphindi 45 zisanakwane zonse zinali zitatha. Kufupika kwake anthu amakusimba ngati nthabwala, koma anthu pafupi-fupi 500 a mbali ya Khalid anafa kapena kubvulala m'mawa umenewo.

M'tinjira ta mzinda wakale

Kuseri kwa nyumba za m'gombezi kuli mzinda wakale, umene eni ake amati Mji Mkongwe, Azungu n'kumati Stone Town. M'caka ca 2000 bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa cifukwa ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Makoma ake anamangidwa ndi miyala yocokera m'nyanja ndi njereza. Tinjira take n'topanikizika kotero kuti galimoto silowa m'malo ambiri, ndipo anthu, njinga ndi njinga zamoto zimapatsana mpata momwemo. Amene anamanga anacita dala, cifukwa nyumba zazitali zoyandikana zimachinga dzuwa, ndipo m'tinjiramo mumakhala mthunzi ngakhale masana. Mlendo amasocera kawiri kapena katatu asanazolowere.

Cimene cimayamba kumkopa maso ndi zitseko. N'zazikulu, za matabwa olimba, zozokotedwa maluwa, masamba ndi mau a Ciluya, ndipo zina ziri ndi zisonga za mkuwa monga mwa mwambo wa ku India. Kale citseko ndico cinali kuuza wodutsa za ulemerero wa mwini nyumba. M'mbali mwa makoma muli mipando yomangidwa ndi miyala yochedwa baraza, pamene amuna amakhala kumwa khofi wowawa m'timakapu tating'ono ndi kukambirana za dziko. Kasanu pa tsiku mau oitanira anthu ku mapemphero amamveka kucokera ku mizikiti, pakuti pafupi-fupi anthu onse a pa Zanzibar ndi Asilamu.

Pa msika wa Darajani, umene unamangidwa m'caka ca 1904, pali phokoso ndi pfungo zimene mlendo saiwala msanga. Pali nsomba zazitali ngati munthu, nkhanu, ndi nyama ya m'nyanja ya miyendo 8 yochedwa pweza. Pali mango, nthoci za mitundu-mitundu, nanazi, kokonati ndi milu ya zonunkhiritsa ndiwo. Amai amagula nsalu zochedwa kanga, zogulitsidwa ziwiri-ziwiri, zokhala ndi mwambi wa Ciswahili wolembedwa m'mphepete. Dzinali n'lofanana ndi la mbalame ija ya nkhanga, cifukwa nsalu zoyamba zinali za maanga-maanga ngati nthenga zake.

Eni mzinda amapempha zinthu ziwiri kwa alendo. Coyamba n'cakuti mumzinda abvale zobisa mapewa ndi maondo, zosambira azisiyire ku mcenga. Caciwiri n'cakuti asajambule munthu cithunzi asanampemphe. M'mwezi wa Ramadan, pamene Asilamu amasala cakudya kuyambira m'banda kuca mpaka dzuwa kulowa, kudyera poyera kumakhumudwitsa anthu. Palinso msampha wa nthawi. Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, motero saa moja, ola loyamba, ndi 7 koloko m'mawa, ndipo saa kumi, ola lakhumi, ndi 4 koloko madzulo. Mlendo wopangana nthawi ndi mwini boti ayenera kufunsitsa kuti akunena koloko iti.

Cuma cimeneci cinacokera kuti?

Munthu akaona nyumba zosanja ndi zitseko zotere pa cisumbu cacing'ono, sangalephere kufunsa kumene kunacokera ndalama zomangira. Yankho loyamba ndi mphepo. Kuyambira ca m'Disembala mpaka Malichi kumaomba mphepo yochedwa kaskazi, yocokera kumpoto ca kum'mawa, imene inali kubweretsa zombo za ku Arabia, Persia ndi India. Kuyambira ca mu Epulo mphepo imatembenuka, n'kukhala kusi, imene inali kuzibweza kwao. Motero amalonda anali kubwera ndi kupita caka ndi caka, ena n'kukwatira konko, ndipo mtundu ndi cilankhulo ca Aswahili zinakula m'kusakanizana kumeneko.

Pofika caka ca 1840 mfumu ya ku Oman, Seyyid Said, inali itasamutsa likulu lake kucoka ku Muscat kudza ku Zanzibar. Inalimbikitsa ulimi wa mtengo wochedwa karafuu, umene maluwa ake amathyoledwa asanamasule, n'kuyanikidwa pa mphasa mpaka atada. Amanunkhiritsa cakudya ndiponso amaziziritsa dzino lopweteka. Kwa zaka zambiri Zanzibar ndi Pemba ndizo zinali kugulitsa karafuu wambiri kuposa maiko onse. Koma karafuu amathyoledwa ndi manja, kamodzi-kamodzi, pamwamba pa mtengo, ndipo manja amenewo anali a akapolo.

Cinanso cinali minyanga ya njobvu, imene inali kufunidwa ku India, ku Ulaya ndi ku America popangira zigwinjiri, zipeso ndi zoimbira za piyano. Amalonda anali kulowa m'kati mwa Africa ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, n'kubwerako ndi minyanga pamodzi ndi anthu. Njira ina inali kudzera ku Tabora kunka ku nyanja ya Tanganyika. Ina inali kucokera ku doko la Kilwa kunka ku nyanja ya Malawi, kumene Jumbe anakhazikika pa Nkhotakota ca m'ma 1840, akuolotsa anthu ogwidwa ndi zombo zake. Kazembe wa Angerezi pa Zanzibar, Christopher Rigby, anayerekeza kuti akapolo 19,000 ocokera ku dera la nyanja ya Malawi lokha anali kudutsa pa nyumba ya msonkho ya dokoli caka ciri conse. Aswahili anali kuwacha Wanyasa. Pakati pao panali Anyanja, Acewa, Amang'anja ndi Ayao, ndipo ambiri anali ana. Ena ogwidwa sanali kufika n'komwe ku gombe, cifukwa anali kufera m'njira ndi njala, matenda ndi goli.

Pa kanjira kena ka mumzindawu otsogolera alendo amaloza nyumba ya Hamed bin Mohammed, wodziwika ndi dzina lakuti Tippu Tip, amene anamwalira m'caka ca 1905. Ameneyu ndiye anagonjetsa mfumu Nsama ya Atabwa, kumpoto kwa Zambia, m'caka ca 1867, natenga minyanga yosawerengeka. Coonadi cowawa n'cakuti amalondawa sanali kugwira nchitoyi okha. Panali mafumu ena a m'kati mwa Africa amene anagulitsa anansi ao posinthana ndi nsalu ndi mfuti.

Mtanda wocokera kwa Chitambo

Pa malo ochedwa Mkunazini ndi pamene panali msika womaliza wa akapolo. Ambiri mwa alendo a pa sitima amafika pamenepa dzuwa liri pamutu, atatopa kale ndi kutentha, ndipo amapatsidwa nthawi yocepa. Pabwalo pali dzenje la ngodya zinai. M'dzenjemo mwaima ziboliboli zisanu za amuna ndi akazi, zomangidwa unyolo m'khosi, maso ali pansi. Anaziumba ndi mai wa ku Sweden, Clara Sörnäs, ndipo zinaikidwa pamenepo m'caka ca 1998. Wofika pamenepa amaziyang'ana ali pamwamba, monga anali kucitira ogula. Capafupi pali tizipinda tiwiri ta pansi pa nthaka, tamdima, tofupika denga, timene otsogolera alendo amati munali kusungidwa akapolo, ngakhale akatswiri ena a mbiri yakale amakaikira zimenezo. Zakuti pabwaloli anthu anali kugulitsidwa, atayamba ayang'anidwa mano ndi minofu monga ng'ombe pa msika, palibe amene amatsutsa.

Msikawu unatsekedwa m'mwezi wa Juni 1873, pamene Sultan Barghash anasaina pangano atapanikizidwa ndi Angerezi kudzera mwa kazembe wao John Kirk, amene kale anayenda ndi David Livingstone pa mtsinje wa Zambezi. Ukapolo weni-weni pa cisumbuci unapitirirabe mpaka lamulo la caka ca 1897, ndipo unatheratu mwalamulo m'caka ca 1909. Pa Khirisimasi ya 1873 amishoni a Mpingo wa Angilikani anaika mwala wa maziko a chalichi cacikulu ca Christ Church pamalo pomwepo. Anatsogolera nchito yomanga ndi Edward Steere, amene anadzakhala Bishopu, ndipo manda ake ali kuseri kwa guwa. Zimanenedwa kuti guwalo linaikidwa pamene panali mtengo womangirirapo akapolo powakwapula.

M'chalichimo, pa nsanamira ina, papacikidwa mtanda waung'ono wa mtengo. Wothamanga angathe kuupitirira osauona. Mbiri yake inayambira ku mudzi wa mfumu Chitambo, kum'mwera kwa madambo a Bangweulu, kumene Livingstone anamwalira pa 1 Meyi 1873, kutatsala masabata 5 kuti msika wa akapolo utsekedwe. Iye anali atayambira ulendo wake womalizawo pa Zanzibar m'caka ca 1866. Anyamata ake, motsogoleredwa ndi Abdullah Susi ndi James Chuma, anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo wa mpundu, uja wobala zipatso zimene ena amazicha mbula, ndipo Jacob Wainwright anazokota dzina lake pa thunthu la mtengowo. Thupi analithira mcere, naliumitsa pa dzuwa, nalikulunga m'nsalu ndi m'khungwa.

Atatero ananyamula mtembowo pa mapewa, nayenda mtunda woposa makilomita 1,500, kudutsa m'madambo, m'mapiri ndi m'midzi ya anthu amene anali kuopa maliro a mlendo. Ena mwa iwo anafera m'njira. Anafika ku Bagamoyo, pa gombe loyang'anana ndi Zanzibar, m'mwezi wa Febuluwale 1874, patapita miyezi 9. Mtembo unaolotsedwa kunka ku Zanzibar, kenaka ku London, kumene unaikidwa m'chalichi ca Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874. Susi ndi Chuma panalibe pa mwambo wa malirowo. Chuma anali Myao amene anaomboledwa m'manja mwa ogula anthu ali mwana m'caka ca 1861, ndipo Susi anali wa ku cigwa ca Zambezi. Onse awiri anadzamwalira pa Zanzibar.

Mtengo wa mpundu uja utayamba kufumbwa, unadulidwa m'caka ca 1899 ndi Robert Codrington, mkulu wa boma la atsamunda la ku Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata. Cigawo cokhala ndi malembo cinatumizidwa ku London, ndipo mtanda wa m'chalichi ca Zanzibar unasemedwa ku mtengo womwewo. Motero kanthu kakang'ono ka m'chire la Zambia kali pamalo pamene ana a m'kati mwa Africa anali kuikidwa mtengo wogulira.

Masana atapendeka

Akacoka ku Mkunazini alendo amagawikana, cifukwa nthawi yotsala siilola munthu kuona zonse. Ena amakwera mabasi kunka ku minda ya zonunkhira kunja kwa mzinda, kumene amaonetsedwa karafuu, tsabola wakuda wokwera m'mitengo ngati nyemba, khungwa lonunkhira la mdalasini ndi mizu ya manjano yofiiritsa ndiwo. Anyamata amakwera mitengo ya kokonati atamanga cingwe ku mapazi, n'kugwetsa zipatso zanthete kuti alendo amwe madzi ake. Karafuu wambiri masiku ano amalimidwa ku Pemba, pakuti mphepo ya mkuntho ya caka ca 1872 inazula mitengo yambiri ya pa Unguja.

Ena amakwera boti kunka ku kacisumbu ka Changuu, ulendo wa theka la ola. Kumeneko kunamangidwa ndende m'caka ca 1893, koma m'malo mwa akaidi munali kusungidwa anthu oganiziridwa matenda opatsirana. Lero kumadziwika ndi afulu akulu-akulu olemera kuposa munthu wamkulu. Oyamba anali anai, mphatso yocokera ku Seychelles m'caka ca 1919, ndipo afulu a mtundu umenewu amakhala ndi moyo zaka zoposa 100. Enanso amapita ku nkhalango ya Jozani kukaona apusi ofiira kumsana, amene kwao kweni-kweni ndi pa cisumbu cokhaci. Otsala amangofuna mcenga woyera ndi madzi ofunda, ndipo zimenezo Zanzibar ali nazo zambiri.

Ndalama za mlendo zimatsala kuti?

Tsiku la sitima ndi tsiku la ciyembekezo kwa anthu ambiri a pa doko. Oyendetsa matekisi, eni maboti, otsogolera alendo, osema ziboliboli ndi amai ogulitsa timapaketi ta zonunkhira amalawirira ku gombe. Nchito ya alendo ndiyo imabweretsa ndalama zambiri zakunja pa Zanzibar, kuposa karafuu amene anali mfumu ya malonda kale.

Komabe mlendo wa pa sitima amasiya zocepa poyerekeza ndi amene amagona pa cisumbupo. Salipira cipinda, cifukwa bedi lake liri panyanja. Ambiri sadya cakudya ceni-ceni kumtunda, cifukwa analipira kale ca m'sitima. Ulendo wozungulira mzinda kawiri-kawiri amaugulira m'sitima momwemo, ndipo kampani ya sitima imatapapo gawo lake ndalamazo zisanafike kwa mwini basi ndi wotsogolera alendo. Tsono anthu mazana-mazana akakhuthukira nthawi imodzi m'tinjira topanikizika, ogulitsa amalimbirana, ndipo ena amabwerera kwao madzulo katundu ali cikhalire. Mlendo amene agula kwa mmisiri mwini wake, nalipira wotsogolera wa komweko wokhala ndi ciphaso ca boma, osanenerera mtengo mpaka kumliritsa wogulitsa, ndiye amasiya phindu m'nyumba za anthu.

Kusiyana kwa olemera ndi osauka n'cironda cakale pa cisumbuci. Zanzibar analandira ufulu kucokera kwa Angerezi pa 10 Disembala 1963, ufumu uli m'manja mwa Sultan. Patangopita mwezi umodzi, pa 12 Januwale 1964, anthu akuda anaukira ndi kugwetsa ufumuwo, ndipo anthu zikwi zingapo, makamaka Aluya ndi Amwenye, anaphedwa kapena kuthawa. Pa 26 Epulo caka comweco Abeid Karume ndi Julius Nyerere anaphatikiza Zanzibar ndi Tanganyika, n'kubadwa dziko la Tanzania, kutatsala miyezi 6 kuti Zambia alandire ufulu wake.

Sitima inyamuka

Dzuwa likayamba kufiira, maboti omaliza amacoka pa gombe, ndipo lipenga la sitima limalira mpaka kumveka mumzinda monse. Nthawi yomweyo ndi pamene bwalo la Forodhani, patsogolo pa linga lakale lija, limayamba kudzaza. Ophika amayala matebulo, nayatsa makala ndi nyali. Pamakhala nsomba zooca, cinangwa, msuzi wowawasa wochedwa urojo ndi madzi a nzimbe ofinyidwa pomwepo. Mabanja amabwera kudzapitidwa mphepo, ndipo anyamata amathamanga n'kudziponya m'nyanja kucokera pa khoma, anzao akukuwa. Mlendo wa pa sitima zimenezi amangoziona ngati timiuni takutali, ali kale pa ulendo wa ku doko lina.

Munthu wa ku Zambia wofuna kuona Zanzibar safunikira sitima ya anthu olemera. Njanji ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860, imene inatha kumangidwa m'caka ca 1975 ndi cithandizo ca dziko la China, imalumikiza Kapiri Mposhi ndi Dar es Salaam, ndipo palinso mseu wodzera ku Nakonde. Kucokera ku Dar es Salaam, maboti othamanga amaoloka kunka ku Zanzibar m'maola awiri. Wopita motero angathe kugona masiku angapo, kudya pa Forodhani, ndi kukhala pa baraza kumvetsera Ciswahili, m'mene adzatolamo mau ambiri ofanana ndi a kwao.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene adzafike pa Mkunazini wopanda lipenga lomuitana adzakhala ndi mpata woima pa dzenje lija nthawi yokwanira, ndi kukumbukira kuti ena mwa anthu amene anagulitsidwa pabwalopo anali kulira m'Cinyanja. Akatero alowe m'chalichimo, afunse kumene kuli mtanda wa kwa Chitambo.